Chingwe cha Mbuzi Chamangidwa Pati?

Mvula ikagwa kawiri katatu, chimanga n'kuyamba kutukula masamba, ufulu wa mbuzi za ku Ulongwe, ku Phalula ndi ku Ntaja umathera pomwepo. Mfumu imalengeza, ndipo mwini ziweto aliyense amafunafuna chingwe ndi chikhomo. Kuchokera tsiku limenelo dziko la mbuzi limalekezera pomwe chingwe chalekezera. Ukapita kukaimasula madzulo umapeza pozungulira chikhomo pali mbee, udzu wa patsogolo pang'ono uli chiimire. Akuluakulu adaziona izi nati, mbuzi imadya pomwe aimangirira.

Masiku ano mwambiwu umamveka kwambiri pakamwa pa anthu ofuna kuchepetsa mlandu wa kuba. Mankhwala akasowa m'nkhokwe, wina akalandira kangachepe pamsewu, timangoti mbuzi imadya pomwe aimangirira, nkhani n'kufera pomwepo. Ine ndimamvamo chenjezo lopita kwa ife oonerera. Ngati mbuzi singadye kupyola chingwe chake, wofuna kudziwa zomwe zili m'mimba mwake akayang'ane pomwe pakhomedwa chikhomo. Tsono pali gulu la anthu amene chikhomo chawo sitichiona kawirikawiri, chikhalirecho mawu awo ndiwo akugamula za minda, mapiri ndi ndalama zathu. Ndikunena maloya, owerengera ndalama za makampani, oyeza malo ndi kuika mtengo pa katundu, akatswiri a miyala, ndi olemba malipoti a zachilengedwe. Anthu amenewa alibe katundu wa pashelefu. Malonda awo ndi mawu akuti "ndaona, zili bwino," ndi siginecha pansi pake.

Tiyambire paphiri la Kangankunde m'boma la Balaka. M'phirimu muli miyala yosowa imene imafunika popanga maginito a galimoto zoyendera magetsi ndi a makina opukusa magetsi ndi mphepo. Akatswiri adalidziwa phirili kuyambira nthawi ya atsamunda. Mu 2007 kampani ya Lynas ya ku Australia idagwirizana zogula ufulu wokumba pamenepa pa madola 4 miliyoni, koma malondawo adakodwa m'makhoti kwa zaka zambiri chifukwa cha mkangano wa mwini laisensi weniweni. Mu 2022 kampani ina ya ku Australia komweko, Lindian Resources, idagwirizana zogula Rift Valley Resource Developments, yomwe inali ndi laisensiyo, pa madola 30 miliyoni. Chaka chotsatira idalengeza kuti paphiripo pali matani 261 miliyoni a miyala yokhala ndi chumacho. Zaka 15 zonsezo phiri lidali phee, koma mapepala ankayenda usana ndi usiku: maloya kulemba, oweruza kuwerenga, akatswiri a miyala kuyeza ndi kusainira.

Nambala ya matani 261 miliyoni ija mwini kampani sangangoitchula mwa iye yekha. Malamulo omwe msika wa masheya wa ku Australia umatsata, otchedwa JORC, amati chilengezo chotere chikhale ndi dzina la katswiri amene waikira umboni, chinene ngati iye ndi wantchito wa kampaniyo, ndipo ngati si wantchito wake, chitchule kumene amagwira. Pakakhala china chomwe chingamukokere mbali imodzi, nacho chinenedwe poyera. Adaika malamulowa atapsa kale. Chakumapeto kwa 1969 mbiri idawanda yoti kampani ya Poseidon yapeza nickel wambiri, masheya ake adakwera modabwitsa, mu 1970 n'kugwa, anthu ambiri n'kutaya chuma chawo. Lero munthu wa ku Perth kapena ku Sydney amauzidwa pomwe chingwe cha katswiri chamangidwa asanatulutse ndi khobidi lomwe.

Wogula masheya uja akaluza amakagonabe m'nyumba yake. Mayi amene munda wake uli m'tsinde mwa phiri akaluza, wataya podyera ana, potunga madzi, mwina ndi pomwe padagona makolo ake. Mwa awiriwa, woyenera kuuzidwa zambiri ndi mayiyu, koma ndiye amene amauzidwa zochepa.

Lamulo lathu la zachilengedwe la 2017 limati ntchito yaikulu ngati mgodi, fakitale kapena njanji isayambe popanda kafukufuku woona momwe ikhudzire anthu, madzi, nthaka ndi mpweya, ndipo bungwe la MEPA ndilo limaunika lipotilo. Ndi lamulo labwino. Koma wolemba ganyu akatswiri ochita kafukufukuyo, n'kuwalipira, ndi mwini ntchito yemweyo. Maiko ambiri amatero, ndipo nzeru yake ilipo: msonkho wa mlimi wa thonje usalipirire kafukufuku wa kampani yodzafuna phindu. Dzina la akatswiriwo ndi la wowatuma amazilemba pachikuto cha lipoti, palibe chobisika pamenepo. Vuto ndi lakuti lipotilo ndi lachingerezi, lochindikala, ndipo amene adakhala pansi pa mtengo wa mango tsiku la msonkhano wofunsa anthu maganizo salionanso. Chimene iye adaona ndi galimoto yoyera ndi anthu aulemu onyamula mafomu, atatsagana ndi wa ku khonsolo. Ambiri amabwerera kunyumba akuyesa kuti alankhula ndi boma.

Ngakhale atachiwerenga chikutocho, pali zina zomwe sichinena. Mwa ndalama zonse zomwe ofesi ya akatswiriyi idapeza chaka chatha, zingati zidachokera ku migodi? Idayamba yalembapo lipoti lonena kuti ntchito yakutiyakuti isachitike? Kodi anthu omwewa ndi amenenso unduna umawaitana ukamakonza malamulo a migodi?

Pano ndifuna tikhalepo pang'ono, chifukwa ambiri tikamva za katswiri wokondera timaganiza za envelopu yoperekedwa mumdima. Nthawi zambiri envelopu siifunika n'komwe. Ofesi imene nsima yake yambiri imachokera ku migodi imadziwa yokha, popanda woiuza, kuti lipoti limodzi lowawa likhoza kutseka zitseko za makampani ena onse a mtundu umenewo, poti eni migodi amadziwana ndipo amauzana. Katswiriyo sachita kunama. Amangosankha mawu ofewa. Fumbi likhoza kuchepetsedwa. Zitsime zidzayang'aniridwa. Za manda zidzakambidwa ndi mafumu. Chiganizo chilichonse pachokha n'choona, ndipo woweruza aliyense angachivomereze. Koma funso lakuti nanga chitsime chikauma m'mwezi wa Okutobala anthu akatunga kuti, adzalipira ndani, pasanathe masiku angati, limatsala lili chiimire ngati udzu wa kunja kwa chingwe uja. Munthu wabwinobwino, wopemphera, wosalandira ziphuphu, akhoza kugwira ntchito zaka zambiri osazindikira kuti pali mafunso ena amene adaleka kufunsa. N'chifukwa chake kulumbira kwa katswiri kuti ine ndine woona mtima sikukwanira. Akhoza kukhaladi woona mtima. Ife tikufuna tione chikhomo kuti tidziwe mafunso amene tiyenera kudzifunsira tokha.

Ndatchula Kangankunde chifukwa ndiye ali m'kamwam'kamwa, koma maboma a Balaka ndi Machinga, omwe adali boma limodzi mpaka 1998, adayamba kale kulandira alendo a mafomu. Njanji ya malasha yochokera ku Moatize imakumana ndi yakale pa Nkaya, n'kuwoloka Shire pa Liwonde, kudutsa m'Machinga mpaka kukatulukira pa Nayuchi kulowera ku doko la Nacala. Ntchito imeneyi idayenda ndi ndalama za kampani ya Vale ya ku Brazil, yomwe mu 2022 idagulitsa mgodi wa malashawo ndi njanjiyo kwa kampani ya Vulcan pa madola 270 miliyoni. Kumapiri a Chenkumbi anthu akhala akuwotcha laimu kwa zaka zambiri, ndipo miyala ya laimu ya m'boma la Balaka yakoka fakitale ya simenti ya Portland. Paliponse pomwe padutsa njanji, msewu kapena mpanda wa fakitale, pamabwera munthu wowerenga mitengo ya mango, kuyeza nyumba ndi kulemba ndalama ya chipukuta misozi. Nambala imene iye walemba ndiyo banja lidzayambire moyo wina pamalo achilendo. Banja limenelo liyenera kudziwa womutuma munthuyo lisanadinde chala.

Kwa ife nkhaniyi si yachilendo ayi. Banja likagwedezeka, pamphasa pamakhala ankhoswe a kuchimuna ndi a kuchikazi. Palibe amene amanyoza nkhoswe chifukwa choti ili ndi mbali. Timaimvera bwino lomwe, tikudziwa kuti awa ndi amalume ake a mkazi, ndipo mawu awo timawayeza ndi muyeso wake. Chimene mudzi sungalole ndi munthu wokhala pakati ngati wopanda mbali, pamene dzulo lake adadya nkhuku kuchimuna. Zikadziwika, chigamulo chonse chimagwa, ngakhale chikadakhala cholungama, ndipo munthuyo saitanidwanso pa nkhani ya wina aliyense.

Anyamata ambiri a ku Nselema, ku Ntaja ndi ku Ulongwe ali ku Joni, ndipo dziko limene akukhalalo lidaphunzira zimenezi mowawa. KPMG, imodzi mwa makampani anayi akuluakulu owerengera ndalama padziko lonse, idasunga makampani a banja la Gupta ngati makasitomala ake kwa zaka pafupifupi 15. Mu 2013 banjalo lidachititsa ukwati wa mwana wa m'banjamo ku Sun City, ndipo akuluakulu ena a KPMG adali nawo paphwandopo. Patapita zaka zinayi zidaululika kuti ndalama pafupifupi 30 miliyoni randi zolipirira ukwatiwo zidachokera ku ntchito ya boma ya ng'ombe za mkaka ku Vrede, yomwe ankati idzatukula alimi osauka, ndipo m'mabuku zidalowa ngati zoyendetsera bizinesi. KPMG yomweyo idalemberanso bungwe lotolera misonkho la SARS lipoti limene lidagwiritsidwa ntchito poipitsa mbiri ya anthu ena. Mu Sepitembala 2017 idalengeza kuti zomwe idagamula m'lipotilo zisadaliridwenso, idalonjeza kubweza 23 miliyoni randi yomwe idalandira, ndipo akuluakulu ake 8 adachoka pantchito. Kampani yopereka uphungu ya McKinsey nayo mu 2018 idabweza pafupifupi 1 biliyoni randi ku Eskom, kampani ya magetsi ya dzikolo. Zambiri mwa izi zidadziwika chifukwa makalata a pa intaneti a banja la Gupta adagwera m'manja mwa atolankhani. Akadapanda kutuluka makalatawo, masiginecha aja akadalemekezedwabe.

Ku America nkhani ya kampani ya Enron idaonetsa kuti nambala imodzi yokha ikhoza kunena zambiri. Mu 2000 kampani ya Arthur Andersen idalandira madola 25 miliyoni powerengera mabuku a Enron, ndi madola 27 miliyoni poipatsa uphungu ndi ntchito zina. Woyang'anira ankadya zambiri kuchokera ku ntchito yosangalatsa woyang'aniridwa kuposa ku ntchito yomuyang'anira. Enron idagwa mu 2001, Andersen n'kuitsatira mu 2002.

Kwathu kuno tili ndi chitsanzo cha mbali inayo. Ndalama za boma zitabedwa ku Capital Hill mu 2013, boma la Britain lidalipira kampani ya Baker Tilly kuti ifufuze. Lipoti loyamba, la mu Febuluwale 2014, lidati ndalama zoposa K13 biliyoni zidasowa m'miyezi 6 yokha, kuyambira Epulo mpaka Sepitembala 2013, koma silidatchule maina a anthu ndi makampani, ati poopa kusokoneza milandu. Amalawi adakwiya, ndipo mkwiyo wawo udali ndi kolowera, chifukwa wolipira ankadziwika, wolemba ankadziwika, woti afunsidwe ankadziwika. Maina adatuluka chaka chomwecho chisanathe. Baker Tilly nayo idali ndi chingwe chake, poti Britain idali ndi zofuna zake pa ndalama zomwe inkathandizira bajeti yathu. Koma chingwecho chidali poyera, ndipo aliyense adatha kuliwerenga lipotilo akudziwa amene adalitumitsa.

Maloya adzati chinsinsi cha kasitomala n'chopatulika. Ndikuvomereza ndi mtima wonse. Munthu woimbidwa mlandu akamaopa kuti loya wake akaulula zomwe wamuuza, ndiye kuti chilungamo chafa. Koma zimene kasitomala wanong'oneza m'chipinda ndi nkhani ina, mtundu wa anthu amene amadyetsa ofesiyo ndi nkhani inanso. Ofesi ya maloya ikhoza kunena kuti theka la ndalama zathu limachokera ku mabanki, gawo lakuti ku migodi, lakuti ku boma, osatchula dzina la munthu ndi mmodzi yemwe. Malamulo a ntchito yawo amaletsa kale loya kuimira mbali ziwiri pa mlandu umodzi, pajatu mapanga awiri avumbwitsa. Chimene malamulowo safikapo ndi ichi: mlimi wa ku Utale wagulitsa thonje lake, wakwera basi kupita ku Blantyre kukafuna loya pa mlandu wa malo, ndipo walowa mu ofesi imene siimira kampani yomwe akulimbana nayo, koma imadalira makampani ena a mtundu womwewo. Loyayo akamulangiza kuti bambo, landirani zomwe akukupatsanizi, mlandu uwu ngwautali, mwina akunena zoona. Mlimiyo ali ndi ufulu woyeza uphungu umenewu akudziwa kumene ofesiyo imadya.

Ena adzati dziko lathu ndi laling'ono. Akatswiri ndi owerengeka, ndipo olipira bwino ndi omwewomwewo: boma, mabungwe a chithandizo, mabanki, fodya, shuga, mafoni, tsopano migodi. Katswiri wa zamadzi yemweyo lero alembera kampani, mawa alembera bungwe lotsutsa kampaniyo, mkuja ali ku unduna. Munthu ameneyu sindimuweruza. Ana ake nawo amafuna fizi, ndipo luso lake tikulifuna. Koma kuchepa kwathu komweko ndiko kukuchititsa kuti kuulula kufunike kuno kuposa ku London. Kumene sungapeze katswiri wopanda chingwe, chotsala n'kudziwa pomwe chingwe cha aliyense chamangidwa. Ndipo muyeso ukhale umodzi. Bungwe lomwe si laboma likabwera ku Balaka kudzatiuza kuipa kwa mgodi, nalo linene amene amalipatsa ndalama. Mtolankhani amene wakwera galimoto ya kampani kukaona mgodi, n'kulandira alawansi, alembe zimenezo m'nkhani yake. Mlangizi amene akuuza mlimi wa thonje mankhwala oti apopere anene ngati amalandira kanthu pa botolo lililonse logulidwa.

Chimene chimandipweteka n'chakuti mfundo imeneyi dziko lathu lidaivomera kale. Lamulo la 2013 limati akuluakulu a boma azilembetsa chuma chawo, ngongole zawo ndi mabizinesi awo. Mu 2015 Malawi adalowa mu EITI, mgwirizano woti makampani a migodi aziulula zomwe alipira ku boma, boma nalo liziulula zomwe lalandira. Lamulo lopatsa nzika ufulu wopeza uthenga lidayamba kugwira ntchito pa 30 Sepitembala 2020. Wandale tamuuza kuti aulule. Mwini mgodi tamuuza kuti aulule. Tasiya munthu wapakati, amene siginecha yake ndiyo imatsegula chitseko cha laisensi, cha ngongole ya ku banki ndi cha chipukuta misozi.

Njira yake si yachilendonso. Ku Ulaya makampani owerengera mabuku a mabanki ndi a makampani a pamsika wa masheya amatulutsa lipoti chaka ndi chaka, lotchula makasitomala oterowo ndi kuonetsa momwe ndalama zawo zagawikira pakati pa kuwerengera mabuku ndi ntchito zina. Malamulo a padziko lonse a khalidwe la owerengera ndalama amati zochokera kwa kasitomala mmodzi wotere zikapitirira 15 peresenti ya ndalama zonse za ofesi kwa zaka ziwiri zotsatizana, pamenepo pali chiopsezo chimene sichiyenera kubisidwa. Mabungwe oyang'anira owerengera ndalama ndi maloya, monga ICAM, Malawi Accountants Board ndi Malawi Law Society, akhoza kufuna tsamba limodzi lokha pachaka kwa ofesi iliyonse: ndalama zathu zidachokera ku magulu awa, motere. MEPA ikhoza kufuna kuti lipoti lililonse la zachilengedwe liyambe ndi tsamba lotere, lolembedwanso m'Chichewa ndi m'Chiyao, n'kukhomedwa pakhonsolo ku Balaka ndi ku Machinga, ndi pabwalo la mfumu ya dera lokhudzidwalo. Ofesi yogwira ntchito mwachilungamo sitaya kanthu ndi tsamba limeneli. Ikanena poyera kuti migodi ndiyo imaidyetsa, n'kulembabe kuti chitsime chakutichakuti chidzauma, mawu ake adzalemera kuposa kale, ndipo ngakhale mwini mgodi adzapindula, poti lipoti limene anthu alikhulupirira silibala zionetsero ndi ziletso za kukhoti pakati pa ntchito.

Koma malamulo a ku Lilongwe amachedwa, pamene misonkhano ya pansi pa mango ikuchitika chaka chino. Pa msonkhano uliwonse wotere pamayenda pepala loti anthu alembe maina ndi kusainira kapena kudinda chala. Ambiri amayesa kuti ndi la zoziziritsa kukhosi kapena la thiransipoti. Pepala limenelo limakamatidwa kumapeto kwa lipoti ngati umboni woti anthu a mudzi wakuti adafunsidwa maganizo. Ndiye mphamvu imene mudzi uli nayo m'manja tsiku limenelo, ndipo ikaperekedwa sibwereranso.

Inu mafumu athu a kwa Nsamala, kwa Kalembo, kwa Nkaya, kwa Sitola, kwa Kawinga ndi kwina konse, pamodzi ndi agulupu, anyakwawa, makhansala ndi a makomiti a chitukuko: mlendo mulandireni mwaulemu monga mwa mwambo wathu, mumupatse mpando. Koma asanatsegule fomu yake, aime pamaso pa anthu anene m'chiyankhulo chimene agogo a kumbuyo akumva: dzina la ofesi yake, amene wamutuma, amene amulipire, ndi ngati ofesi yakeyo imagwiranso ntchito ndi makampani ena a mtundu womwewu kapena ndi unduna umene udzapereke chilolezo. Mlembi wa komiti alembe mayankhowo m'kaundula wa mudzi, aike tsiku, mlendoyo asainire. Pepala la maina liyende pambuyo pake.